Tsiku Limene Ndinabweza Achemwali Anga pa Kasupe

Ana anga, inu mumandidziwa ngati munthu wa mitengo, ndipo simulakwa. Moyo wanga wonse wa ntchito ndinali mlonda wa nkhalango za boma, mpaka tsiku limene anandigwira chanza n'kundiuza kuti ndikapume. Koma ndikakhala pakhonde pano pa Chilomoni, chimene chimandibwerera m'mutu kawirikawiri si mitengo ayi. Ndi madzi, ndi azakhali anu a Felista. Iwe Lusiya unandifunsapo chifukwa chimene azakhali ako ankanditchulira kuti "a bwana a nkhalango" ngakhale pa maliro, ine n'kukuyankha kuti ndi nthabwala chabe. Sizinali nthabwala. Ndalemba apa kuti mudziwe mmene zinayendera, popeza pakamwa nkhaniyi imandikanika.

Chaka chimene ndinayamba ntchito

Ntchito ndinayambira pa nazale ya mitengo m'munsi mwa phiri la Ndirande, nthawi imene phirilo linali lidakali ndi mitengo. Inu amene mukuliona lero lili miyala yokhayokha simungakhulupirire kuti munthu ankatha kusochera m'menemo masana. Makolo athu anachokera ku Chikwawa kudzafuna ntchito m'tauni muno, ndipo onse awiri anamwalira ine ndili ku pulayimale. Amene anandilera ndi achemwali anga a Felista, woyamba kubadwa m'banja mwathu, amene ankagulitsa nsomba zouma mu msika wa Ndirande. Iwo ndi amene anamva kutchalitchi kuti kunazale akufuna anyamata, ndipo anandikokera kumeneko ngati mbuzi yopita kumsika. Kapitawo atandifunsa ngati ndimadziwa kusamala mbande, anayankha ndi iwo: "Sadziwa kanthu ameneyu, koma akakana kuphunzira mudzandiuze ine." Yunifolomu yanga yoyamba anandisitira okha ndi nsimbi ya makala, n'kundiyimika pakhomo kuti anthu oyandikana nawo nyumba andione.

Azakhali anu anali munthu woti akanena chinthu wanena. Sankabwerera m'mbuyo ngakhale mvula igwe. Amayi anu amati nanenso ndili choncho, ndipo sindingatsutse, popeza ine ndi azakhali anuwo tinatuluka m'mimba imodzi.

Chaka chimene anabadwa Lusiya

Nditatha zaka zingapo ndikuthira dothi m'machubu ndi kulambula njira zotchinga moto, anandisamutsira ku nkhalango ina ya kumapiri, kumene dziko limayamba kutsetserekera ku chigwa cha Shire. Ndinkayembekezera kukalimbana ndi anthu otentha makala ndi ocheka matabwa, ndipo analikodi. Chimene palibe anandiuza n'chakuti m'kati mwa nkhalangoyo muli kasupe wa madzi otentha amene anthu akumeneko ankamutcha Kanthunzi, ndiponso kuti poti ali m'malo a boma, woyang'anira wake ndine.

Madziwo ankatuluka pansi pa thanthwe akubwadamuka, akununkha ngati dzira lowola. Pamene ankatulukirapo anthu ankapatcha padiso, ndipo munthu sakanayerekeza kuikapo chala. Kuchokera pamenepo ankatsikira m'dziwe lalikulu losambamo, kenako m'kadziwe kakang'ono ka m'munsi kamene ankasambitsiramo ana. M'mbali mwake munkadutsa kamtsinje kozizira, ndipo anthu a kale anakumba ngalande yolowetsa madzi ozizirawo m'dziwe lalikulu. Pakamwa pa ngalandeyo pankakhala mwala wafulati. Ukausuntha pang'ono dziwe linkazizirira, ukatseka linkatentha. Abambo ankasamba m'mawa, amayi masana, ndipo lamulo limenelo silinalembedwe paliponse koma sindinaonepo wolilumpha.

Wondiphunzitsa za madziwo anali a Nachisale, mayi wa m'mudzi wa kuseri kwa phiri, amene ankaphika mazira padiso paja m'kadengu n'kumagulitsa kwa alendo. Tsiku langa loyamba ndinafika nditayenda mtunda wautali osadya kanthu, n'kuyamba kumasula nsapato. Iwo anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi.

"A boma, mwadya?"

"Ndidya ndikasamba, mayi."

"Ndiye simusamba. Madzi awa sakonda wa njala. Idyani dzira ili, mumwe madzi, mupume kaye pamthunzipo. Mukamalowa muyambe mwayesa ndi chigongono, osati phazi, phazi limanama. Mutu usalowe m'madzi. Thukuta likangoyamba kuyenderera pamphumi, tulukani mukhale pamwalapo. Ndipo musadzabwere nokha, chifukwa wokomoka m'madzi saitana munthu."

Ndinaseka, koma dzira ndinadya. Patapita nthawi ndinafunsa mkulu wina wa zaumoyo wa pachipatala chaching'ono cha kumeneko, ndipo iye anati a Nachisale sananame. Madzi otentha amafooketsa thupi, munthu wa njala kapena wa ludzu amachita chizungulire n'kutsetserekera pansi mwakachetechete. Anawonjezera kuti oopsa kwambiri ndi a matenda a shuga, chifukwa njala imawagwetsa msanga, komanso ena mapazi awo samva bwino kutentha, moti amatha kupsa iwo akumwetulira.

Bwana wathu anali a Mkwate, munthu wabwino mtima koma wamantha ndi akuluakulu a kulikulu. Ankabwera pa njinga yamoto mwezi umene mafuta apezeka. Ndinawapempha thabwa ndi penti kuti ndilembe chikwangwani chochenjeza anthu, iwo anati bajeti kulibe. Ndinapempha chingwe choti anthu azigwira polowa m'dziwe, anati ndiluke cha luzi. Jombo zanga zinang'ambika mpaka ndinkazimanga ndi mphira. Ndinatola lata lakale n'kulembapo ndi oyilo wakuda kuti "Wa njala asalowe", koma lisanathe mwezi lata lija linasowa, ndipo ndikukhulupirira kuti linasanduka mbaula ya munthu wina.

Zaka zimene anthu anayamba kusala kudya kuphiri

Poyamba osamba anali a m'midzi yozungulira, okalamba a nyamakazi, alimi otopa ndi khasu, ndi amayi obwera ndi ana a zipere. Kenako kunayamba kufika maminibasi ochokera ku Blantyre, odzaza ndi anthu a mafeloshipu a ku Bangwe, Zingwangwa ndi Machinjiri. Ankakwera phiri, kukhala kumeneko masiku angapo akupemphera osadya, ndipo ena osamwa ngakhale madzi. Zimenezo sindinkaziletsa bola asasonkhe moto. Vuto linali potsika. Panabuka chikhulupiriro chakuti munthu akalowa mu Kanthunzi asanamasule kusala kwake, matenda onse amatsalira m'madzimo. Ankati ukayamba wadya ndiye kuti wangosamba basi.

M'mawa wina telala wina wa ku Zingwangwa analowa m'dziwe ndi anzake akuimba, mawu ake aakulu a besi akumveka patali. Ine ndinali chapatali ndikunola chikwanje. A Nachisale, amene ankakhala chofulatira nthawi ya abambo, ndi amene anati, "A boma, besi ija yasiya kumveka." Nditathamangirako ndinapeza anzake atatsinzina akupemphera, iye ali pansi pa madzi. Ndinamukoka ndi kolala ya malaya. Anatsitsimuka, koma mwendo umene unatsetserekera ku mbali ya padiso unatuluka matuza kuyambira pa bondo mpaka ku chidendene.

A Mkwate atamva anabwera tsiku lotsatira lomwe, mafuta atapezeka mwadzidzidzi. Anati, "Zuze, wina akadzangofera muno, ine ndidzazunguliza waya waminga malo onsewa, ndipo sadzasambanso munthu."

"Bwana, penti anasowa, waya adzapezeka?"

"Pakafa munthu chilichonse chimapezeka."

Ndinadziwa kuti akunena zoona. Ndinaganiza za okalamba aja amene ankafika atagwira m'chiuno n'kubwerera akuyenda mowongoka, ndipo ndinawalonjeza bwanawo kuti bola ine ndili pamenepo, wosala kudya sadzalowa. Kuyambira tsikulo aliyense wotsika kuphiri ndinkamuimitsa pa njira. Adye ine ndikuona, amwe madzi, apume, ndiye alowe. Ena ankadya monyinyirika n'kusamba. Ena ankanditcha mdyerekezi wovala yunifolomu n'kubwerera. Ndinkawayankha kuti mdyerekezi sangakanize munthu kumira.

Chaka chimene mwana wathu Tomasi analemba mayeso a folomu folo

Pa nthawiyi alamu anga, amuna a achemwali, anali atamwalira, ndipo achemwali anali atasamukira ku Bangwe. Anasiya tchalitchi chathu cha Katolika n'kulowa feloshipu ina ya kumeneko. Anali atapezeka ndi shuga, ndipo ankadandaula kuti mapazi amawayaka ngati aponda phulusa la moto, nthawi zina n'kuchita dzanzi. Ndikapita kukawaona ndinkawafunsa za mankhwala, iwo n'kusintha nkhani.

Linali tsiku la mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, nthawi ya amayi itangoyamba. Ndinamva nyimbo ikutsika phiri, ndipo ndinapita kukaima pa malo anga. Anali amayi ambiri ovala mipango yoyera, kutsogolo kuli mtsikana wonyamula Baibulo amene ankamutcha mlaliki. Chakumbuyo kunali mayi wina woyenda ndi ndodo, ndipo kayendedweko ndinakazindikira ndisanaone nkhope. Anali achemwali. Sanandiuze kuti akubwera, ndipo anali atadutsira njira ya kuseri kuti asadzere kunyumba kwathu.

"Zuze," anatero akumwetulira, "ndabwera ku madzi ako."

Ndinavula chipewa n'kuwapatsa moni wa manja awiri. Dzanja lawo linali lozizira pa dzuwa lotero, ndipo linkanjenjemera. Milomo inali itauma mpaka kuyera.

"Mwadya, achemwali?"

"Lero ndi tsiku lachitatu tikusala. Tidya tikatuluka m'madzi."

"Mankhwala mwamwa?"

"Mankhwala ndawasiya ku Bangwe. Ndabwera kwa Sing'anga wamkulu."

Ndinawafotokozera onse lamulo, monga ndinkachitira masiku onse. Mlaliki uja anayamba kunena zakuti chikhulupiriro sichiopa madzi, koma achemwali anamukwezera dzanja kuti akhale chete. Anali atawauza kale anzawowo m'minibasi kuti asadandaule za mlonda wovuta uja, chifukwa ndi mwana amene anamulera okha. Zimenezi ndinadzazimva pambuyo pake, koma ngakhale pamenepo ndinaziona m'maso mwa amayiwo, onse akundiyang'ana modikira kuti ndipatuke.

"Iwe Zuze," anatero motsitsa mawu, "miyendoyi ndi yanga. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ine sindigona ndi mapazi awa. Ndasala, ndapemphera, kwatsala kulowa basi. Ndinakusambitsa ine uli ndi mphere thupi lonse, lero undikanize madzi?"

A Nachisale anandikokera pambali. "A boma, khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Awa ndi achemwali anu. Alowetse mapazi okha m'kadziwe ka ana, ine ndiwagwira kumbuyo."

Ndinaganizadi zimenezo, ana anga, ndipo sindinaganize mwachidule. Koma ndinayang'ana amayi ena aja, ena a iwo ofooka kuposa achemwali, ndipo ndinadziwa kuti mmodzi akangoviika phazi onse alowa, osati m'kadziwe ka ana. Manja ogwira anali a Nachisale okha, poti ine mwamuna sindikanatha kuima pamene amayi akusamba. Ndinakumbukira mwendo wa telala uja. Ndinakumbukiranso anthu onse amene ndinawabweza pa njira yomweyo, ena akulira, amene analibe mchimwene wovala yunifolomu. Koposa zonse ndinkaona dzanja lija likunjenjemera pa ndodo. Ndinatenga dzira m'kadengu ka a Nachisale, ndinalisenda ndekha, n'kugwada.

"Achemwali, idyani ili lokha. Mumwe madzi, mupume pang'ono, kenako musambe mpaka dzuwa lipendeke. Kapena tiyeni kunyumba, alamu anu aphike, mugone, mawa ndidzakuperekezani ndekha."

Analiyang'ana dziralo nthawi yaitali. "Ndinalonjeza kwa Mulungu kuti ndidzamasula ndikatuluka m'madzi. Ukufuna ndilonjeze kwa Mulungu, ndimasulire kwa iwe? Mawa amenewa adzakhala madzi osamba basi. Osamba ndili nawo ku Bangwe."

"Ndiye simulowa, achemwali."

Sanakalipe. Akanakalipa bwenzi zili bwino. Anangotembenukira kwa anzawo n'kunena kuti, "Tiyeni, amayi. A bwana a nkhalango akana." Anayamba kukwera chitunda chopita kumsewu, ndipo ine ndinawatsatira chapatali nditanyamula botolo la madzi, ndikudikira kuti agwe. Sanagwe. Anakwera chitunda chonsecho ndi ndodo yawo, n'kulowa m'minibasi osacheuka. Zimenezi ndimaziganiza mpaka lero: munthu amene anatha kukwera chitunda chija, kodi akanakomokadi m'madzi ofika m'mawondo? Sindidziwa. Nditabwerera kukasupe ndinapeza dzira lija ndidakalifumbata, litaphwanyika m'manja.

Zaka zotsatira

Akuluakulu amati chibale ndi fupa, sichiwola, ndipo chathu sichinawoledi, koma chinatsala fupa lokhalokha. Pa maukwati ndi pa maliro tinkakumana. Ankandipatsa moni waulemu wonse ngati mlendo wochokera ku ofesi, n'kufunsa za a bwana a nkhalango ngati adzuka bwino. Inu ana ankakukondani monga kale, amayi anu ankacheza nawo mpaka kuseka, koma ine ndikalowa nkhani inkatha. Anthu a ku feloshipu kwawo ankati mayi Felista anatsala pang'ono kuchira koma mchimwene wawo anawatsekera khomo. Ndinapitako kangapo kuti tikambirane. Ankanditsegulira, kundipatsa mpando, kundiphikira tiyi, kenako n'kukhala panja mpaka ine nditatsanzika. Ndinawatumizira uthenga kuti abwere tsiku lina lililonse atadya, sanayankhe. Zinkandiwawa kwambiri, ndipo sindinauze munthu.

Ku Kanthunzi sikunafe munthu nthawi yonse imene ndinali kumeneko, ndipo waya wa a Mkwate sunabwere. Okalamba anapitiriza kusamba. Koma munthu sakuthokoza chifukwa cha maliro amene sanachitike. Pa tsiku londitsanzika ananena za mahekitala a mitengo ndi za matumba a makala amene ndinalanda, za madzi sanatchulepo.

Chaka chachiwiri nditapuma ntchito

Agnesi, mwana wa achemwali, anafika kuno ku Chilomoni m'mawa wina kudzandiuza kuti amayi ake sakuyendanso. Anali atabwerera ku mankhwala, koma mochedwa. Tsiku lotsatira ndinatenga chigubu n'kukwera minibasi ya ku Kanthunzi. A Nachisale ndinawapeza atakalamba, kadengu kali m'manja mwa mdzukulu wawo. Ataona chigubucho sanafunse zambiri, anangoti, "N'za achemwali aja?" Tinatunga padiso penipeni. Pobwerera kondakitala anadandaula njira yonse. "Madala, mwanyamula mazira owola kapena chani? Anthu akutsika chifukwa cha inu." Ndinachikumbatira chigubucho pamiyendo, ndikumva kutentha kwake kukuchepa pang'onopang'ono. Pofika ku Limbe chinali chofunda chabe. Pofika ku Bangwe chinali chitazizira.

Achemwali ndinawapeza pakhonde, pa mpando, miyendo atayitsamiritsa pa katebulo. Anali atachepa thupi moti mpango unkaoneka waukulu pamutu. Ndinapempha Agnesi mbaula ndi poto. Madzi atayamba kutentha fungo lija linadzaza pabwalo, ndipo ndinaona mphuno zawo zikugwedera. Anadziwa. Ndinathira m'beseni, kusakaniza ndi ozizira, n'kupinda dzanja la malaya kuti ndiyese ndi chigongono. Kenako ndinabweretsa beseni pa mapazi awo. Pakamwa panangotseguka pokha.

"Mwadya, achemwali?"

Anaseka. Kanali koyamba kundisekera kuchokera tsiku lija. "Iwe Zuze, ukufunsabe?"

"Adya phala, amalume," anatero Agnesi.

Ndinagwada, ndinanyamula mapazi awo limodzilimodzi n'kuwaika m'madzi. Anali opepuka ngati a mwana. Ndinayamba kutunga ndi manja n'kumathira m'miyendo, nthunzi ikukwera pakati pathu. Iwo ankangoyang'ana m'besenimo. Patapita kanthawi anafunsa.

"Zuze, ndi otentha?"

"Ndi otentha, achemwali."

"Sindikumva kanthu." Kenako ananena mofatsa, mopanda mkwiyo uliwonse, ngati munthu wonena za mvula ya chaka chatha. "Tsiku lija ndikanawamva."

Ndinali ndi mayankho ambiri amene ndinawakonza kwa zaka, a telala, a waya, a dzanja lonjenjemera. Onse anali oona, ndipo mpaka lero wina atandiimika pa njira ija ndikuganiza kuti ndikhoza kukananso. Koma panalibe yankho limodzi loti likanalowa m'beseni lija. Azakhali anu anamwalira mvula ya chaka chomwecho itangoyamba, ndipo masiku awo omaliza ankanditchula dzina langa. Madzulo a tsiku la beseni lija anaika dzanja pamutu panga, pa imvi zangazi, n'kutsinzina. Madzi anazizira m'beseni muja iwo osadziwa, ndipo ine sindinawauze. Ndinangopitiriza kuthira.